Tchati cha ndalama za bungwe: manambala oti aliyense pamsonkhano awaone ndi maso

Malonda a mbewu akamatha, mabungwe ambiri a alimi m'maboma a Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde amaitanitsa msonkhano waukulu wa mamembala. Pamsonkhano wotere imafika nthawi yoti msungichuma aimirire ndi kope lake n'kuyamba kuwerenga: ndalama zimene zinalowa, zimene zinatuluka, ya feteleza, ya galimoto yonyamula matumba, zotsala. Amawerenga bwinobwino osalakwitsa, koma pofika nambala yakhumi anthu amakhala ataiwala yoyamba. Amaomba m'manja, msonkhano n'kutsekedwa. Mafunso amakatulukira panjira yopita kunyumba, kumene kulibe kope loti liyankhe. Ndi mmene manong'onong'o akuti ndalama zadyedwa amayambira, ngakhale pa bungwe lomwe palibe anatengapo ndi metical imodzi yomwe.

Khutu silisunga manambala ambiri nthawi imodzi. Diso ndiye limatha: likaona mizati iwiri yoimikidwa pamodzi, limadziwa nthawi yomweyo kuti wautali ndi uti, ngakhale mwini disoyo sanapite kusukulu. Ichi n'chifukwa chake mabanki, makampani ogula mbewu ndi maofesi a boma amaonetsa manambala awo pa chithunzi chimene pa Chipwitikizi amati gráfico, ndipo kutsidya ku Malawi amati tchati. Tchati si chinthu cha anthu a kompyuta okha. Kope la masamu la timabokosi, rula ndi cholembera zimakwana. Chovuta ndi kudziwa choti chijambulidwe, komanso kupewa misampha ingapo imene imachititsa tchati kunena bodza pamene manambala onse ali oona.

Kumene zinayambira

Matchati amene akugwiritsidwa ntchito lero pa nkhani za malonda anayambitsidwa ndi William Playfair wa ku Scotland. M'chaka cha 1786 anasindikiza buku lotchedwa The Commercial and Political Atlas, momwe anaonetsa malonda a dziko la England ndi mayiko ena pogwiritsa ntchito mizere yokwera ndi kutsika, komanso malonda a Scotland a chaka chimodzi pogwiritsa ntchito mizati. Tchati chozungulira chodulidwa zigawozigawo anachitulutsa mu 1801. Mu 1821 anajambula china chimene mlimi aliyense angachimve: mtengo wa tirigu pambali pa malipiro a mmisiri a pa mlungu, kuyambira 1565 mpaka 1821. Funso lake linali limodzi, lakuti kodi chakudya chinkakwera mtengo kuposa malipiro kapena ayi. Zaka zoposa 250 za manambala zinakwana pa pepala limodzi chifukwa munthuyu ankadziwa chimene akufuna kuyankha.

Pamenepa ndi poyambira ngakhale kwa msungichuma wa ku Domué kapena ku Furancungo. Asanagwire cholembera ayenera kutchula funso lake mokweza, m'chiganizo chimodzi. Kodi bungwe likugulitsa soya wambiri chaka ndi chaka? Kodi ndalama zambiri zikuthera pa chiyani? Kodi ndi mwezi uti umene chimanga chimakhala ndi mtengo wabwino? Awa ndi mafunso atatu, ndipo amafuna matchati atatu. Kulakwitsa kofala kwambiri ndi kuunjika zonse pa pepala limodzi poganiza kuti kuchuluka kwa mizere kukuonetsa khama. Pepala lotere limasiya anthu pomwe kope linawasiya.

Mizati: poyerekeza kuchuluka

Funso likakhala lakuti chachikulu ndi chiti, yankho ndi tchati cha mizati, gráfico de barras. Mwachitsanzo, bungwe lina lagulitsa soya kwa nyengo zinayi motere: matumba 200, kenako 240, kenako 150, kenako 260. Manambalawa ndi ongoyerekezera. Pa pepala la timabokosi msungichuma amajambula mzere wogona pansi ndi wina woimirira kumanzere. Amasankha kuti kabokosi kamodzi kaimire matumba 20, ndipo amalemba pa mzere woimirira 0, 20, 40, mpaka 260. Mzati woyamba umakwera timabokosi 10, wachiwiri 12, wachitatu 7 ndi theka, wachinayi 13. Pansi pa mzati uliwonse amalemba nyengo yake, pamwamba pake nambala yeniyeni ya matumba. Mizati yonse ikhale yofanana m'lifupi mwake, chifukwa mzati wonenepa umaoneka wochuluka ngakhale uli waufupi.

Pepala limeneli likapachikidwa pakhoma, mayi amene wakhala kumbuyo kwenikweni amaona kuti nyengo yachitatu inagwa, ndipo amafunsa chifukwa chake pomwepo, msungichuma ali chiimire. Yankho likhoza kukhala mvula, likhoza kukhala lakuti mamembala ena anagulitsa mseri kwa ogula oyenda m'midzi. Chachikulu n'chakuti funso lafunsidwa pamaso pa onse.

Pali lamulo limodzi la mizati limene silifuna kunyengerera: iyambire pa ziro. Chifukwa chake chimaoneka pa nyengo ziwiri zija za matumba 240 ndi 260. Kusiyana kwake ndi matumba 20, kutanthauza kukwera kwa 8 pa 100 aliwonse ndi pang'ono. Koma wina akayambitsa mzere woimirira pa 230 m'malo mwa ziro, mzati woyamba umangokwera ndi 10 pamene wachiwiri ukukwera ndi 30. Diso limaona kuti malonda akula katatu. Palibe nambala yabodza yalembedwa, koma aliyense wotuluka pamsonkhano watenga bodza. Chinyengo chimenechi chimapezeka m'timapepala totsatsa malonda, pomwe zokolola za mbewu ina zimaoneka ngati zikuposa zinzake kutalitali. Mlimi akapatsidwa pepala lotere, ayambe wayang'ana pansi kumanzere kuti aone nambala imene mizati ikuyambirapo. Mapulogalamu a pa kompyuta monga Excel nawonso nthawi zina amadzisankhira okha poyambira pomwe si pa ziro manambala akakhala oyandikana, choncho wojambula pa makina ayenera kukonza zimenezi ndi dzanja lake.

Mizati ikakhala ya zinthu zosiyanasiyana osati ya zaka, monga ndalama zochokera ku soya, nyemba, chimanga ndi mbatatesi, ndi bwino kuindandalika kuyambira waukulu mpaka waung'ono. Mayina akakhala aatali, mizati igonekedwe chopingasa kuti dzina lilembedwe kumanzere mowongoka, anthu asamapendeke khosi powerenga.

Misampha ya m'malire

Mabuku ophunzitsa za matchati amalembedwa ndi anthu okhala m'dziko la ndalama imodzi ndi muyeso umodzi. Mlimi wa m'malire sali choncho. Wa ku Tsangano amatha kugulitsa mbatatesi lero ndi meticais, mawa ndi kwacha ku Lizulu kapena ku Biri-Biri. Wa ku Angónia amadziwa mitengo ya ku Ulónguè ndi ya ku Dedza kudzera pa Calómuè. Wa ku Chifunde kufupi ndi Cassacatiza akamati kwacha akhoza kukhala akunena ya Zambia, yomwe mphamvu yake ndi yosiyana kwambiri ndi ya Malawi ngakhale dzina ndi limodzi. Kope la bungwe limatha kukhala ndi ndalama zamitundu iwiri kapena itatu pa tsamba limodzi, ndipo zikakwera pa tchati osazisintha, chithunzi chonse chimakhala chopanda ntchito.

Tchati chimodzi chikhale ndi ndalama yamtundu umodzi, ndipo dzina lake lilembedwe poonekera: MT, kapena kwacha ya Malawi, kapena kwacha ya Zambia, osangoti K. Kusintha kuchitike pa mtengo wa tsiku limene malonda anachitika, osati wa tsiku lojambula tchati. Nkhaniyi si yaing'ono. Mu Meyi 2022 kwacha ya Malawi inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 aliwonse, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 pa 100, kuchoka pa makwacha pafupifupi 1.180 kufika pa 1.700 pa dola imodzi ya ku America. Metical pa nthawi imeneyo sinasunthe kwenikweni pa dola. Tsono ngati thumba linagulitsidwa makwacha 30.000 pamene metical imodzi inkagula makwacha 18, mlimi analandira meticais pafupifupi 1.670. Ngati chaka chotsatira thumba lomwelo linagulitsidwa makwacha 40.000 pamene metical ikugula makwacha 27, analandira pafupifupi 1.480. Tchati cha makwacha chidzaonetsa mzati wokwera, anthu n'kusangalala. Tchati cha meticais chidzaonetsa wotsika. Kwa munthu amene amagula feteleza ndi kulipira sukulu ndi meticais, choona ndi chachiwirichi. Ndipo popeza mtengo wa osintha ndalama pamalire umasiyana ndi wa kubanki, pansi pa tchati palembedwe kuti wagwiritsidwa ntchito ndi uti.

Bungwe lakale limene likufuna kuonetsa mbiri yake yonse likumbukirenso kuti pa 1 Julayi 2006 metical inachotsedwa maziro atatu, ndipo kwacha ya Zambia inachita chimodzimodzi mu Januwale 2013. Manambala a m'makope akale ayenera kugawidwa ndi 1.000 asanaikidwe pambali pa atsopano. Mawu oti konto, omwe akadali pakamwa pa anthu m'misika, asalembedwe pa tchati, chifukwa si onse amamva ndalama yofanana akawamva.

Msampha wina ndi wa kadontho. Ku Mozambique, potsata Chipwitikizi, meticais chikwi chimodzi ndi mazana asanu amalembedwa 1.500,00. Ku Malawi ndi ku Zambia nambala yomweyo imalembedwa 1,500.00. Kadontho ndi kamchira zimasinthana ntchito munthu akangowoloka malire. Mlembi amene anaphunzira sukulu ku Ntcheu ndi msungichuma amene anaphunzira ku Ulónguè akhoza kulemba m'kope limodzi aliyense mwa njira yake, ndipo 2.500 ya wina n'kuwerengedwa ngati ziwiri ndi theka. Kompyuta imalakwitsa chimodzimodzi, kutengera chinenero chimene inaikidwa. Pa tchati njira ikhale imodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo ma centavos achotsedwe: palibe amene amapanga chigamulo pamsonkhano chifukwa cha 50 centavos.

Miyeso nayo ili ndi vuto lomwelo. Chimanga chimagulidwa pa lata kapena ndowa ya malita 20, pa thumba, kapenanso pa sikelo. Malita 20 si makilogalamu 20, ndipo kulemera kwa lata kumadalira kuti yadzazidwa mosefukira kapena yasalazidwa, komanso kuti chimanga chauma bwanji. Thumba limene wina akuti ndi la 50 likhoza kukhala losokedwa ndi chigamba pamwamba, makamaka la mbatatesi. Bungwe limene lili ndi sikelo liyeze lata yake kangapo, lipeze kulemera kwake, ndipo matchati ake onse akhale a mtengo wa kilogalamu imodzi. Lopanda sikelo lisankhe muyeso umodzi n'kuulemba pa mutu wa tchati.

Mzere: poonetsa kusintha kwa nthawi

Funso likakhala la mitengo mwezi ndi mwezi, tchati choyenera ndi cha mzere, gráfico de linhas. Miyezi imalembedwa pansi motsatana, mtengo kumanzere, kadontho pa mwezi uliwonse, ndipo timadontho timalumikizidwa. Aliyense m'dera lino amadziwa kuti chimanga chimatsika mtengo nthawi yokolola, cha m'ma Meyi ndi Juni, n'kukwera m'miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale. Chimene anthu sadziwa popanda kulemba ndi kukula kwa kusiyanako, komanso ngati kumachitika chaka chilichonse. Pa chigamulo choti bungwe lisunge chimanga m'nkhokwe kapena ligulitse msanga, zimenezi ndiye zofunika. Mizere ya zaka zitatu pa pepala limodzi, uliwonse ndi chaka chake cholembedwa kumapeto kwake, imaonetsa ngati kusunga kunapindulitsa katatu konse kapena kamodzi kokha. Zaka zikapitirira zinayi mizere imakolana ngati zingwe za maungu, ndipo palibe amaitsatira.

Chaka cha tchati chotere sichiyenera kuyambira Januwale. Kwa mlimi ndi bwino chiyambire mwezi wokolola, kuti diso liyende ndi chimanga kuchokera pokolola mpaka pa njala osadukiza. Mwezi umene mtengo sunalembedwe usiyidwe wopanda kadontho, koma malo ake akhalepo. Kuudumpha n'kusendeza miyezi pamodzi kumapangitsa mzere kukwera mwaphompho kuposa mmene mtengo unakwerera. Kulembapo ziro n'koipa kuposa pamenepo, chifukwa kukutanthauza kuti mwezi umenewo chimanga chinali chaulere.

Mosiyana ndi mizati, mzere ukhoza kuyambira pa nambala ina osati ziro, chifukwa chimene diso likutsata ndi kukwera ndi kutsika, osati utali. Komabe pamsonkhano wa anthu amene sanazolowere matchati, kuyambira pa ziro ndi chilungamo choposa, ndipo wosankha njira ina anene pakamwa asanayambe kufotokoza.

Mitengo yoyerekezera nayo ilipo. Kuyambira 1991 unduna wa zaulimi uli ndi ndondomeko yotolera mitengo ya m'misika yotchedwa SIMA, yomwe kalata yake ya mlungu ndi mlungu imadziwika ndi dzina loti Quente-Quente. Alangizi a ku ofesi ya SDAE m'boma lililonse angathandize bungwe kupeza mitengo yotere. Mzere wa mtengo umene bungwe linalandira ukaikidwa pambali pa mzere wa mtengo wa pamsika waukulu, mpata wa pakati pake umaonetsa ndalama imene ikutsalira panjira, kwa onyamula ndi kwa ogula apakati.

Palinso tchati china chimene mabungwe ochepa amajambula, chikhalirecho n'chimene chimayankha funso la Playfair lija pa munda wa kuno. M'malo moonetsa mtengo wa chimanga pawokha, chimaonetsa kuti pamafunika malata angati a chimanga kuti munthu agule thumba limodzi la feteleza, kaya ndi NPK 12-24-12 kapena ureia. Ngati thumba lili pa meticais 3.000 ndipo lata pa 250, pakufunika malata 12. Chaka chotsatira thumba likafika 3.600 ndipo lata 300, akadali malata 12: mitengo yonse yakwera koma mlimi ali pomwe anali. Lata ikatsika kufika 200 thumba lili pa 3.600, malata akhala 18. Ubwino wa tchati chimenechi kumalire ndi wakuti chilibe ndalama m'kati mwake. Kaya malonda anachitika ndi kwacha kapena ndi meticais, malata ndi malata.

Chozungulira

Tchati chozungulira chodulidwa ngati chigumu, gráfico circular, chimakondedwa chifukwa chimakongola. Ntchito yake ndi imodzi yokha, kuonetsa momwe chinthu chimodzi chagawidwira, ndipo zigawo zake ziyenera kukwana 100. Ngati pa meticais 100 iliyonse imene bungwe linagwiritsa ntchito 45 inapita ku feteleza, 20 ku mbewu, 15 ku mayendedwe, 12 ku ganyu ndi 8 ku matumba, chozungulira chidzaonetsa bwino kuti feteleza wadya pafupifupi theka. Koma kusiyanitsa 15 ndi 12 pa zidutswa zopendekeka n'kovuta. Akatswiri a masamu William Cleveland ndi Robert McGill anasonyeza mu 1984 kuti anthu amayerekeza molondola zinthu zoimikidwa pa mzere umodzi kuposa zigawo za chinthu chozungulira. Kuchijambula pamanja kumafunanso chipangizo choyezera makona. Mizati isanu imanena zomwezo mosavuta. Zigawo zikapitirira zisanu, kapena pakafunika kuyerekeza zaka ziwiri, chozungulira chisiyidwe.

Maonekedwe

Mutu wa tchati unene yankho, osati nkhani yokha. Mutu woti "Malonda a soya" sukuuza munthu kanthu. Woti "Soya anatsika nyengo yachitatu, wakweranso chaka chino" ukumuuza choti ayang'ane. Pansi pa mutu, m'zilembo zocheperako, palembedwe muyeso ndi nthawi: matumba a makilogalamu 50, nyengo zakutizakuti. Pansi penipeni palembedwe kumene manambala achokera, monga kope la malonda la bungwe ndi masamba ake, kuti wokayikira akathe kufufuza. Zonsezi zilembedwe m'chinenero cha anthu amene adzayang'ane: Chichewa pamsonkhano wa mamembala, Chipwitikizi kubanki kapena kuofesi. Kujambula kawiri n'kosavuta kusiyana ndi kumasulira pakamwa liwu lililonse.

Mitundu ikhale yochepa. Mtundu umodzi wa mizati yonse ndi wina wowala wa mzati umene ukukambidwa zimakwana. Chofiira ndi chobiriwira zisadaliridwe posiyanitsa phindu ndi kuluza, popeza pali anthu, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi, ndipo ambiri a iwo sadziwa n'komwe. Komanso pepala likapita kokachita fotokope mitundu yonse imasanduka yotuwa. Mzati wina ukhale wodetsedwa wonse, wina wa timizere, wina wopanda kanthu m'kati. Dzina la mzere lilembedwe pambali pa mzere womwewo, osati m'kabokosi ka pakona komwe diso liyenera kupita n'kubwerera.

Kompyuta imapereka zokongoletsa zambiri: mizati yooneka ngati mabokosi oimirira, mithunzi, zithunzi kumbuyo. Zonsezi zimasokoneza poyeza utali. Kujambula thumba lalikulu ndi thumba laling'ono m'malo mwa mizati kumanamizanso, chifukwa thumba lotalika kawiri limakhalanso lonenepa kawiri, ndipo diso limaona kanayi. Amene akufuna zithunzi za matumba, zomwe zimathandizadi anthu osawerenga, ajambule timatumba tofanana n'kutisanja, kamodzi kuimira matumba 20.

Kukula kwa zilembo kuyesedwe ndi miyendo. Tchati chikajambulidwa pa pepala lalikulu, papel gigante, chipachikidwe, ndipo wojambula apite kukaima pomwe adzakhale munthu wakumbuyo. Chimene sichikuwerengeka pamenepo chikulitsidwe kapena chichotsedwe. Chotumizidwa pa WhatsApp chiyang'anidwe pa foni yaing'ono chisanatumizidwe.

Popita kukapempha ngongole

Wa kubanki kapena wa bungwe lobwereketsa ndalama ali ndi funso lake: kodi anthuwa adzabweza, ndipo liti? Tchati chimene chimamuyankha ndi cha ndalama zolowa ndi zotuluka mwezi ndi mwezi, mizati iwiri pa mwezi uliwonse. Pa ulimi wodalira mvula chithunzi chake n'chodziwika: ndalama zimatuluka kuyambira Okutobala mpaka Januwale pogula mbewu, feteleza ndi kulipira ganyu, kenako pamakhala miyezi yopanda cholowa, ndipo zimayamba kulowa zokolola zikauma. Pepala limeneli limateteza wobwereka. Ngongole yoti iyambe kubwezedwa mu Febuluwale imagwera pa mwezi womwe mzati wa zolowa palibe, ndipo kuloza ndi chala malo opanda kanthuwo kumamveka kuposa kudandaula pakamwa. Bungwe lolima mbatatesi kapena ndiwo zamasamba kudimba lili ndi chithunzi china, cha zolowa zomwazikana chaka chonse, ndipo nalo liyenera kuchionetsa chifukwa ndi mphamvu yake.

Zimene zachitika kale ndi zimene zikungoyembekezeredwa zisaoneke mofanana. Mizati ya zaka zapita ikhale yodetsedwa, ya chaka chamawa ikhale yopanda kanthu m'kati, ndi mawu oti "zoyembekezera" pamwamba pake. Chaka choipa chisachotsedwe. Chiyeso chochibisa chimakhalapo, koma wobwereketsa aliyense m'chigawo cha Tete amadziwa zaka zimene mvula inavuta, ndipo akaona mpata pa mndandanda wa zaka amayamba kukayikira pepala lonse. Mzati waufupi wokhala ndi mawu awiri ofotokoza chifukwa chake, wotsatiridwa ndi mzati wokweranso, umaonetsa bungwe limene linagwa n'kudzuka. Kumbuyo kwa tchati chilichonse kukhale ndandanda ya manambala enieni, chifukwa wa kubanki adzafuna kuwonkhetsa yekha.

Magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, amene kuno amati poupança ndipo ku Malawi banki m'khonde, angachite zomwezo pa tsiku logawana: mzati wa zosungidwa, wa zobwerekedwa, wa zobwezedwa, wa zimene zikadali kunja. Mayina a anthu amene sanabweze asakwere pa tchati. Nkhani imeneyo ili ndi malo ake m'kope ndi m'malamulo a gulu.

Tsiku la msonkhano

Kuyambira pamene lamulo la Decreto-Lei 2/2006 linalola mabungwe a alimi kulembetsa m'boma lawo lomwe, ambiri ali ndi komiti yoyang'anira chuma, conselho fiscal, yosiyana ndi atsogoleri. Komiti imeneyi ione matchati tsiku la msonkhano lisanafike, kope lili pambali, n'kuyerekeza mzati uliwonse ndi nambala yake. Ndi bwinonso kuonetsa pepalalo kwa membala mmodzi amene sanakhale nawo pojambula, osamufotokozera kanthu, n'kumufunsa chimene akuona. Akanena zosiyana ndi mutu, cholakwa chili pa pepala.

Pamsonkhano matchati atatu kapena anayi amakwana, ndipo atulutsidwe chimodzichimodzi. Msungichuma ayambe ndi kufotokoza chimene chili pansi ndi chimene chili kumanzere, kuti kabokosi kamodzi ndi matumba angati kapena meticais zingati, kenako aloze mzati umodzi n'kutchula nambala yake. Akatero akhale chete kanthawi, anthu ayang'ane. Aime pambali osati kutsogolo kwa pepala, ndipo kope likhale lotsegula patebulo. Msonkhano ukatha mapepala asapindidwe n'kupita kunyumba kwa munthu. Atsale pakhoma la nyumba yosungiramo mbewu, pomwe mvula sifika, ndipo kumanja kwa mzati womaliza kusiyidwe malo a timabokosi tingapo, oti chaka chamawa mzati wina udzajambulidwe pa muyeso womwewo.